Kupanga ziwalo zopepuka za maboti a mpikisano: ulusi, utomoni ndi mpweya

Boti lopalasa munthu mmodzi la pa mpikisano wa Olimpiki ndi lalitali pafupifupi mamita 8, koma malamulo a World Rowing, bungwe loyang'anira masewerawa padziko lonse, amati kulemera kwake kusatsike pansi pa makilogalamu 14. La anthu eyiti malire ake ndi makilogalamu 96. Malirewa anaikidwa chifukwa makampani monga Empacher ya ku Germany ndi Filippi ya ku Italy angathe kupanga opepuka kuposa pamenepo. Munthu mmodzi amasenza boti lotere paphewa n'kutsika nalo kumadzi.

Ambiri akamva izi amati chinsinsi chake ndi kaboni, ulusi wakuda umene amalukira nsalu yopangira mabotiwa. Kaboni amathandizadi, koma wogula nsalu ya kaboni yodula n'kuithira utomoni mwachisawawa amatulutsa chiwalo cholemera chomwe chimathyoka msanga kuposa cha faibagalasi (nsalu ya ulusi wa galasi) yoyalidwa bwino. Kupepuka kumachokera pa zinthu zitatu zimene mmisiri amazilamulira ndi manja ake: komwe ulusi waloza, kuchuluka kwa utomoni wotsala m'chiwalocho, ndi mpweya umene watsekeredwa mkati.

Ulusi ndiwo umanyamula katundu

Chiwalo chilichonse chamtunduwu chili ndi ulusi ndi utomoni. Ulusi umanyamula mphamvu yokoka ndi yokankha. Utomoni, womwe pa maboti a liwiro nthawi zambiri umakhala wa epoxy, ntchito yake ndi kugwira ulusiwo pamalo ake ndi kupatsirana katundu kuchoka pa ulusi wina kupita pa unzake. Utomoni wopitirira muyeso sulimbitsa kanthu, umangolemeretsa.

Ulusi wa galasi ndi wotchipa, umalemera magalamu pafupifupi 2.5 pa kiyubiki sentimita, ndipo umalolera kupindika usanaduke. Wa kaboni umalemera magalamu pafupifupi 1.8 ndipo ndi wouma, kutanthauza wovuta kutamuka, katatu kuposa wa galasi, koma umaduka ukangotamuka pafupifupi 2 peresenti, mosachenjeza. Apa pali msampha umene ongoyamba amagwamo kawirikawiri: amayala kamzere kamodzi ka kaboni pamwamba pa chiwalo cha galasi poganiza kuti akulimbitsa. Popeza kaboni ndiye wouma, amatenga katundu yense galasi asanayambe n'komwe kugwira ntchito, amaduka, ndipo katunduyo amagwera pa galasi nthawi imodzi. Ngati mwasankha kuika kaboni, ikani wokwanira kunyamula katunduyo payekha.

Kevlar, ulusi wina umene unatulukiridwa ku kampani ya DuPont mu 1965, ndi wopepuka kuposa onsewa ndipo sabooka wamba, n'chifukwa chake amaikidwa pansi pa mabwato okumana ndi miyala. Koma safuna kukankhidwa, amamwa chinyezi, sadulika ndi sizasi wamba, ndipo mukamupala ndi sandipepala amatuluka ubweya. Malo ake ndi mkati mwa miyalo, osati pamwamba pofunika kusalaza.

Nsungwi simungaidule poikoka m'litali, koma mpeni umaing'amba mosavuta potsata mitsempha yake. Ulusi wa kaboni uli chimodzimodzi. Nsalu imene ulusi wake wonse waloza kumodzi imaikidwa motsata mlongoti kapena tsigiro kuti chiwalo chisapindike. Yopingasa madigiri 45 uku ndi uku imaletsa kupotokola. Yopingasa madigiri 90 imaletsa kung'ambika. Ulusi woloza kumodzi ukangokhota madigiri 10 poyala, gawo lalikulu la mphamvu yake lapita, ndiye kokani mzere pachikombole musanayale, musadalire diso.

Miyalo iyeneranso kufanana mbali zonse ziwiri za pakati: ngati kunja mwayamba ndi 0 kenako 45, mkati mumalize ndi 45 kenako 0. Mukalakwitsa apa chiwalo chimatuluka m'chikombole chitapotoka ngati thabwa laliwisi lokhalitsa padzuwa, ndipo palibe njira yochiwongolera.

Zikopa ziwiri ndi chapakati

Taonani katoni: mapepala awiri opyapyala, pakati pawo pepala lopindapinda. Pepala lililonse palokha ndi lofewa, koma atatalikitsidwa chonchi amauma. Thupi la boti la mpikisano limamangidwa motero. Zikopa ziwiri zopyapyala za ulusi zimamatidwa pa chapakati chopepuka. Chiwalo chikamapindika, chikopa china chimakokedwa, china chimakankhidwa, ndipo chapakati chimangoonetsetsa kuti ziwirizo zisayandikane kapena kutsetsereka. Mukatenga zikopa zomwezo n'kuzitalikitsa mpaka kunenepa kwa chiwalo kuwirikiza kawiri, kuuma kwake kumawirikiza pafupifupi kasanu ndi kawiri pomwe kulemera kwangokwera pang'ono.

Chapakati chodziwika kwambiri ndi foam ya PVC monga Divinycell H80, imene nambala yake ikutanthauza makilogalamu 80 pa kiyubiki mita. Foam ina yotchedwa Corecell imapirira bwino kumenyedwa ndi mafunde, motero imakondedwa pansi pa boti chakutsogolo. Thabwa la balsa, lomwe lambiri limachokera ku Ecuador, limadulidwa mopingasa mitsempha. Ndi lolimba pa mtengo wake koma limalemera pafupifupi makilogalamu 150 ndipo limaola madzi akangolowa. Chopepukitsitsa ndi Nomex, pepala loumbidwa ngati zisa za njuchi, makilogalamu 48 okha pa mtundu wofala. Vuto lake nlakuti chikopa chimangogwira m'milomo ya timabowo, choncho kumata kwake kumafuna guluu wapadera, uvuni ndi luso. Ife sitilangiza wongoyamba kuti ayambire pa Nomex.

Tiyale chiwalo chimodzi

Titenge chivundikiro chafulati cha sikweya mita imodzi, cha miyalo iwiri ya kaboni ya magalamu 200 mbali iliyonse ndi foam ya mamilimita 10. Ulusi wonse ndi magalamu 800. Foam nayo magalamu 800. Ngati utomoni ukhala 40 peresenti ya kulemera kwa zikopa, ndiye kuti magalamu pafupifupi 530. Onjezerani magalamu 200 kapena kuposerapo pang'ono mbali iliyonse, omwe amalowa m'timaenje ta pamwamba pa foam. Zonse pamodzi zikungopitirira pang'ono makilogalamu awiri ndi theka, pomwe pulayiwudi yopepuka ya maboti ya mamilimita 12 imafika makilogalamu 6. Lembani masamuwa musanayambe, ndipo chiwalo chikatuluka chiikeni pasikelo. Chikalemera kwambiri kuposa masamu anu, mwasiya utomoni wambiri. Chikapepuka kwambiri, ulusi wauma penapake.

Chikombole chikhale chosalala monga mukufunira chiwalocho, pakuti kachilema kalikonse kamadindika. Makoma ake apendekeke madigiri awiri kapena atatu kuti chiwalo chizuke. Chikakhala chatsopano chipakeni phula loletsa kumata kangapo, mukudikira kuti muyalo uliwonse uume n'kuupukuta. Mafuta opopera okhala ndi silicone asayandikire chipinda chogwiriramo ntchito. Kadontho kake kamaletsa utomoni ndi penti kugwira.

Dulani zonse musanasakanize utomoni: nsalu, foam, mapulasitiki, ngakhale tepi. M'mphepete mwa foam musemo mopendekeka madigiri pafupifupi 30 kuti zikopa ziwiri zidzakumane bwino popanda ngodya yakuthwa. Foam ikhale yoboola timabowo kuti mpweya wa pansi pake upeze potulukira.

Kusakaniza ndi pamene ntchito zambiri zimaonongekera. Amene anazolowera utomoni wa polyester amadziwa kuti kuonjezera mankhwala oumitsa kumafulumizitsa kuuma. Pa epoxy sizitero. Utomoni ndi choumitsa chake zimagwirana mwa chiwerengero, ndipo chotsala chilichonse chimakhala chofewa mkati mpaka kalekale. Epoxy wa West System 105 ndi choumitsa 205 zimasakanizidwa magawo 5 kwa gawo limodzi: magalamu 250 ndi 50. Mitundu ina ili ndi muyeso wake, ndipo muyeso wa pasikelo sufanana nthawi zonse ndi wa m'kapu, ndiye werengani pachitini. Takasani mphindi ziwiri mukupala m'mbali ndi pansi pa kapu.

Magalamu 100 a msakanizo umenewu amayamba kulimba m'kapu pakangotha mphindi 9 mpaka 12 pa madigiri 22. Kutentha kukakwera ndi madigiri 10, nthawiyo imatsika pafupifupi ndi theka. Epoxy amadzitenthetsa yekha akamauma, ndipo akakhala wambiri m'kapu yakuya amatha kufuka utsi n'kusungunula kapuyo. Sakanizani pang'onopang'ono, thirani m'thireyi yotambalala, ndipo m'nyengo yotentha ngati ya Okutobala gwiritsani choumitsa chochedwa n'kuyamba ntchito m'mamawa.

Pakani utomoni pang'ono pachikombole, yalani nsalu yoyamba, n'kuikanikiza ndi kapulasitiki kopalira kuchokera pakati kupita m'mbali. Galasi akanyowa amaoneka mbee ngati madzi, ndiye mumadziwa pamene pauma. Kaboni amakhala wakuda anyowe asanyowe. Njira yake ndi sikelo: muyalo uliwonse muupimire utomoni wolemera ngati nsaluyo, magalamu 200 pa 200, wotsala udzafinyidwa. Polumikiza nsalu zisanjikizane mamilimita 50, ndipo mfundo za miyalo yosiyana zisagwere pamzere umodzi. Foam ipakidwe kaye utomoni wokhuthalitsidwa pang'ono kuti timaenje take titsekeke, apo ayi imamwa utomoni wa chikopa n'kuchisiya chouma pamalo ofunikitsitsa.

Thumba ndi pampu

Tsopano pamwamba pa chikopa chomaliza pamabwera zinthu zinayi. Choyamba ndi peel ply, nsalu ya nayiloni yomwe imadzasendedwa n'kusiya pamwamba pokhakhala pogwira guluu. Kenako pulasitiki yoboola timabowo, yolamulira utomoni wotuluka. Kenako nsalu yonga thonje yomwa utomoniwo ndi kupereka njira ya mpweya. Pomaliza thumba la pulasitiki, lomatidwa kuzungulira chikombole ndi tepi yonga phula. Pampu ikakoka mpweya, mpweya wakunja umapsinja chilichonse mofanana. Mphamvu yake si yamasewera: kufika matani 10 pa sikweya mita m'mbali mwa nyanja yamchere, pafupifupi 1 bar pa geji ya pampu. Kumtunda imachepa; ku Johannesburg, pa mamita pafupifupi 1,750, geji singapitirire kwenikweni 0.8 bar ngakhale pampu ili yatsopano, ndiye musataye tsiku kufunafuna bowo limene palibe.

Zolakwika zazikulu pano ndi ziwiri. Choyamba ndi thumba lothina. Likakhala laling'ono limadumpha ngodya zamkati ngati chingwe choyanikira zovala, pansi pake osapsinjika, ndipo pamenepo pamadzaza utomoni wopanda ulusi kapena mpweya. Dulani thumba lalikulu ndithu n'kulipinda makwinya pa ngodya iliyonse, ndipo pampu ikangoyamba kukoka likankhireni m'ngodyamo ndi chala. Chachiwiri ndi kukoka mwamphamvu utomoni ukadali wamadzimadzi: wambiri umathawira m'thonje, chikopa chimatuluka ndi timabowo tating'ono ndi ulusi wotuwa. Pa nsalu yonyowetsedwa pamanja, 0.5 mpaka 0.7 bar imakwana pa ziwalo zambiri. Ngati thonje lanyowa lonse mpaka kudontha, mwapitiriza.

Musanachoke, tsekani paipi ya pampu n'kuyang'ana geji kwa mphindi khumi. Ikamatsika, pali potulukira, ndipo kawirikawiri pamakhala pa makwinya a tepi kapena polowera paipi. Pampu isazime mpaka utomoni utalimba. Kumene magetsi amathimathima, jenereta ikhale yokonzeka, chifukwa thumba likaphwa utomoni usanagwire, miyalo imadzuka ndi kumeza mpweya.

Ziwalo zikuluzikulu monga thupi lonse la boti zimapangidwa kwambiri ndi njira ya infusion. Nsalu ndi foam zimayalidwa zouma, thumba limatsekedwa, mpweya wonse umakokedwa, kenako utomoni wopyapyala umayamwidwa kudutsa mu ulusi kuchokera mbali ina kupita ina. Ubwino wake ngwakuti mumayala mosathamanga, ndipo utomoni umalowa wongokwanira. Koma siikhululuka. Kabowo kamodzi kamalowetsa mzere wa thovu m'chiwalo chonse. Utomoni umatsata njira yophweka ngati madzi a mvula, ndiye ukapeza mpata m'mphepete mwa foam umathamangira ku pampu n'kuzinga chilumba chouma pakati. Yesani kaye pa kachidutswa ka miyalo yomweyo kuti mudziwe mtunda umene utomoni ungayende usanalimbe, ndipo pakati pa chikombole ndi pampu pakhale chitini chotchera utomoni.

Maboti a matanga a mpikisano wa America's Cup ndi a mtundu wa IMOCA, oyenda mpikisano wozungulira dziko lonse wa Vendée Globe, amagwiritsa prepreg, nsalu yobwera kale ndi utomoni wake woyezedwa kufakitale, nthawi zambiri pakati pa 35 ndi 42 peresenti. Imasungidwa mufiriji pa madigiri 18 pansi pa ziro. Poitulutsa imasiyidwa m'thumba lake lotseka mpaka itafunda, chifukwa mukatsegula ikadali yozizira mame amagwera pansalu n'kudzasanduka nthunzi mu uvuni. Pakatha miyalo itatu kapena inayi iliyonse imapsinjidwa m'thumba kwa kanthawi, kenako n'kupitiriza. Imaphikidwa pa madigiri 80 mpaka 120, kutentha kukukwera digiri imodzi kapena awiri pa mphindi, ndipo choyezera kutentha chimamatidwa pachiwalo penipeni, makamaka ponenepa, osati mumpweya wa mu uvuni.

Dzuwa likhoza kufewetsa chimene mwaumitsa

Epoxy woumira m'chipinda amaoneka gwa, koma amayamba kufewa pa madigiri 50 mpaka 55. Boti lopakidwa penti yakuda likakhala padzuwa limadutsa madigiri 70. Zotsatira zake, maluko a nsalu amayamba kuonekera papenti, ndipo chiwalo chosenza katundu chimapindika pang'onopang'ono osabwereranso. Mankhwala ake ndi kuphika chiwalo kachiwiri chikauma. Ma epoxy ambiri a maboti amafuna maola ngati 16 pa madigiri 50. Bokosi la matabwa lotchingidwa bwino, hita ndi fani yozungulitsa mpweya zimakwana. Kwezani kutentha pang'onopang'ono, chiwalo chili m'chikombole kapena chochirikizidwa bwino. Ndipo chiwalo choti chizikhala padzuwa chipakeni penti yoyera, ngakhale maluko a kaboni akongole chotani.

Palinso kanthu konga phula kamene kamatuluka pamwamba pa epoxy woumira m'chinyezi. Asetoni sakachotsa, ndipo sandipepala amangokafalitsa. Madzi ndi chokwechera ndizo zimachotsa. Mukamata chinthu pamwamba pake osatsuka, mfundoyo imadzasendeka ngati khungu la mbatata yophika.

Pomwe bawuti yalowa

Ziwalo zambiri siziyamba kuonongeka pakati, zimayambira pamene pamangidwa chitsulo. Foam ya makilogalamu 80 singapirire kufinya kwa bawuti. Pamalo pomangapo chogwirira chingwe kapena mahinjesi a tsigiro, chotsani foam musanayale n'kuikapo foam yolemera, mbale ya G10 (mbale yolimba ya ulusi wa galasi ndi epoxy), kapena miyalo yokhayokha ya ulusi. Zigamba zolimbitsa zikhale zosiyana kukula, chilichonse chocheperapo ndi masentimita awiri kapena atatu, kuti katundu asathere pamzere umodzi. Ngati mwakumbukira mochedwa, boolani bowo lalikulu, kolowolani foam yozungulira, dzazani epoxy wokhuthala, kenako boolaninso bowo la saizi ya bawuti pakati pake. Potero madzi sapeza njira yofikira chapakati.

Kaboni amadutsa magetsi. Akakhudzana ndi aluminiyamu m'madzi amchere, aluminiyamuyo amadyeka n'kusanduka ufa woyera. Pakati pawo pakhale muyalo wopyapyala wa galasi, mabawuti akhale a titanium kapena a chitsulo chosachita dzimbiri cha 316, opakidwa mankhwala otchinga monga Duralac kapena Tef-Gel. Fumbi la kaboni nalo limapsereza zipangizo zamagetsi likalowa m'mota.

Thupi lanu nalonso litetezedwe. Epoxy wosauma akamakhudza khungu mobwerezabwereza, thupi limadzayamba kudana naye, ndipo zikafika apo zidzolo zimabuka ngakhale ndi fungo lokha. Amisiri ena amasiyiratu ntchitoyi. Valani magolovesi a nitrile, chotchinga maso, ndi chophimba mphuno popala. Utomoni ukagwera pakhungu sambani ndi sopo, osati asetoni, chifukwa amaulowetsa mkati.

Kupepuza kuli ndi malire ake, ndipo ngakhale akatswiri amawadutsa. Pa 5 Malichi 1995, pa mpikisano wosankha wolimbirana America's Cup kufupi ndi San Diego, boti la oneAustralia linathyoka pakati pa mafunde n'kumira m'mphindi ziwiri zokha. Anthu onse 17 anapulumutsidwa. Pa 30 Novembala 2020, boti la PRB la Kevin Escoffier linathyoka pawiri pa mpikisano wa Vendée Globe kum'mwera kwa Cape of Good Hope, ndipo mnzake Jean Le Cam ndiye anakamuvuula. Chitsulo chimapindika kaye n'kukupatsani nthawi yoona. Kaboni amaoneka bwinobwino mpaka mphindi imene wathyoka, n'chifukwa chake kuyeza kuyenera kuchitika kawirikawiri, boti lili pamtunda.

Kuyeza koyamba sikufuna makina. Tengani ndalama yachitsulo n'kumagogoda chiwalo masentimita angapo alionse. Pomatika bwino pamalira ngwee, pamene chikopa chalekana ndi chapakati pamangoti phu. Zungulizani malowo ndi pensulo. Makampani akulu amatsimikiza ndi makina a ultrasound, koma ndalamayi imagwira zilema zambiri za pafupi ndi pamwamba. Amene amayendetsa maboti a matanga a Hobie 16, monga amene amachita nawo mpikisano wa matanga pa Nyanja ya Malawi, amalidziwa vutoli: pamwamba pa boti, kutsogolo kwa mzati wakutsogolo pomwe pamapondedwapondedwa, pamafewa chifukwa galasi walekana ndi foam. Pakagwidwa msanga, mumaboola timabowo pachikopa chapamwamba chokha, kuumitsa mkati bwinobwino, kubayiramo epoxy ndi jakisoni mpaka atulukire m'bowo loyandikana nalo, n'kutseka ndi tepi.

Pamene ulusi waduka, jakisoni sathandiza. Palani mozungulira balalo motsetsereka: pa galasi, mamilimita 12 m'mbali pa milimita iliyonse ya kunenepa, pa kaboni wosenza katundu, 20 kapena kuposa. Foam yonyowa kapena yophwanyika ichotsedwe yonse mpaka mutafika pouma, ilowe ina ya kulemera komweko. Mukamapala, miyalo yakale imaonekera ngati mizere ya m'thabwa, ndipo mungawerenge kuti inalipo ingati ndi komwe uliwonse unaloza. Bwezerani yomweyo, mwa dongosolo lomwelo, muonjezere muyalo umodzi wopyapyala pamwamba woti udzapalidwe posalaza, kenako peel ply, thumba ndi pampu monga poyamba.